Dokotala anati zachepa, mwana wanga anati ndachira

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 56, ndipo kalatayi ndikulemba ndi dzanja langa, ndiye mukaona zilembo zikupendekeka musandiseke, zala zinachita dzanzi ndi mankhwala. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti sindikulemba ndikulira ayi. Ndikudya, ndikugona tulo, dzulo ndinasesa pakhomo ndekha mpaka kumsewu. Miyezi itatu yapitayo sindinkatha n'komwe kudzuka pamphasa popanda wondikoka. Vuto langa ndi la munthu amene wapezako bwino, koma likundidya mumtima, ndipo ndatsala ndi masabata atatu okha kuti ndidziwe chochita.

Chiyambire utsikana wanga ntchito yanga ndi yotunga maluwa oyera onunkhira otchedwa malli pamsika wathu, ndipo akwatibwi ambiri a m'tauni muno anavala kumutu maluwa otunga ine. Amuna anga anali kondakitala wa basi zaka makumi atatu. Dzina lawo sinditchula. Sindinalitchulepo chikwatiwire, ndipo sindingayambire m'nyuzipepala. Tili ndi mwana mmodzi, Kathiravan, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mafoni ku Madurai. Musade nkhawa kuti aona kalatayi: bambo ake amangowerenga tsamba la ndale, iye amangowerenga foni.

Zaka zitatu zapitazo anandipeza ndi khansa ya m'thumba la mazira. Ndati anandipeza, koma ine palibe anandiuza. Mukudziwa mmene timachitira kuno: dokotala amaitanira amuna m'chipinda, wodwala n'kutsala pabenchi atakumbatira chikwama. Anatuluka bambo ndi mwana wake nkhope zitagwa, n'kundiuza kuti, "Ndi kachotupa ka madzi chabe, angochotsa basi." Anachotsadi, pamodzi ndi chiberekero chomwe. Kenako anayamba kundiika madiripi aja othothola tsitsi, akuti ndi owonjezera mphamvu. Aphungu, sukulu ndinalekeza kalasi 8, koma chitsiru sindine. Ukakhala m'chipinda cha amayi makumi awiri, onse mitu ya mpala, onse akusanzira m'mabeseni, sufunika wokuwerengera chikwangwani cha pakhomo. Ndinadziwa sabata yoyamba yomwe. Koma ndinaona mmene amuna anga ankavutikira kusunga bodzalo, ndiye ndinawathandiza kulisunga.

Matendawo anabwerera kawiri. Ulendo wachiwiriwo madiripi sanathandizenso, dokotala wathu wa ku Madurai anangoti matendawa awazolowera mankhwala. Mimba inkadzaza madzi, akapopa lero, pakatha masabata awiri yadzazanso. Dokotalayo ndi amene anatilembera kalata yopita ku chipatala china chachikulu ku Chennai, kumene ankachita kafukufuku wa chithandizo chatsopano.

Kumeneko tinapeza Dokotala Jasintha, mtsikana wochepa thupi woti ukhoza kumuyesa mwana wa sukulu. Amuna anga anayamba nyimbo yawo ija: "Adokotala, tikambirane kaye patokha, mayiwa ndi ofooka mtima." Iye anawayang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Bambo, magazi amene tikufuna kutengawa ndi anu?" Iwo anati ayi. "Ndiye otuluka ndinu. Izi n'zoyesera, ndipo ine sindiyesera pa munthu amene sakudziwa chimene akudwala. Amva zonse, asayina okha." Zaka zitatu zonsezi ndinali ndisanaonepo amuna akutsala pabenchi ine ndili m'kati.

Anatseka chitseko n'kunditchulira dzina la matendawo m'chilankhulo chathu, mosazungulira. Ndinamuuza kuti, "Ndinkadziwa, mwana wanga, ndinkangodikira wolimba mtima woti anene." Tinaseka tonse awiri, ndipo mtima wanga unapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Kenako anandifotokozera kuti m'magazi mwathu muli asilikali oteteza thupi, koma khansa imadziwa kuwazemba. Iwo akufuna kusefa asilikali angawo m'magazi, kukawaphunzitsa ku labu kuti aziizindikira, kuwachulukitsa, kenako n'kuwabweza m'thupi mwanga. Sanandibisire zoopsa. Anati thupi lingatenthe mpaka kufika poika moyo pachiswe, mutu ungasokonezeke, ndipo mwina sizingathandize n'komwe, chifukwa amayi amene ayeserapo ndi ochepa. "Sindikukulonjezani kuchira," anatero kawiri konse. Ndinasayina. Nditatuluka palibe anafunsa zimene tinakambirana, ndipo mpaka lero dzina la matendawa silinatchulidwepo m'nyumba mwathu.

Anandilumikiza ku makina maola anayi, magazi akutuluka mkono uwu n'kubwerera mkono winawu, kenako anatiuza kuti tikadikire kunyumba mwezi umodzi. M'sitima amuna anga anayesa kundiseketsa. "Asilikali ako atsala ku koleji ku Chennai, mwiniwake unalekeza kalasi 8. Akabwera azidzakulankhula Chingerezi." Amene sanaseke ndi mlamu wanga Angammal, yemwe tinali naye pa ulendowo, mchemwali wawo wamkulu wa amuna anga, amene amakhala mseu wachiwiri kuchokera kwathu ndipo ali ndi mawu pa chilichonse, kuyambira mchere wa m'ndiwo. Iye anangoti, "Mkazi wa mlongo wanga mwamusandutsa khoswe wa madokotala."

Mwezi wodikirawo ndi umene ndinatheratu. Tsiku lobwerera ku Chennai miyendo inakana, moti Kathiravan ndi bambo wina woyandikana nafe anandinyamula pampando wa pulasitiki mpaka pagalimoto. Akundidutsitsa pafupi ndi windo la kukhitchini ndinaona amuna anga ataima pa kashelefu ka milungu, akumanga ndalama yachitsulo m'kansalu kachikasu monga timachitira powinda. Muwamvetse kaye bambo amenewa. Ndi munthu amene ankasunga chipeso m'thumba lomwelo la matikiti. Zaka 63 koma dazi alibe, m'mawa uliwonse mafuta a kokonati, ndevu za pamlomo zili ndi kachipeso kakekake. Ndinawamva akuuza mulungu wa banja lathu wa kuphiri kuti, "Lero akutuluka pakhomo pano atanyamulidwa. Mukandibwezera akulowa ndi miyendo yake, mutu wangawu ndi wanu, ndidzaumetera kukachisi kwanu, ndi ndevu zomwe." Kuyambira tsikulo lumo silinawakhudze, ngakhalenso botolo la utoto wa tsitsi lobisika kuseri kwa galasi. Ndi pamene anthu anadziwa kuti kuda kwa tsitsi lija kunali kogula.

Asilikali ophunzirawo anabwera m'kathumba kosadzaza ngakhale kapu ya khofi. Ndinafunsa namwino kuti, "Ndi zomwezi?" Tsiku lachitatu ndinadziwa kuti si zamasewera. Thupi linatentha, ndinanjenjemera mpaka bedi kulira, anandipititsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo akuti masiku asanu ndinkaitana namwino ndi dzina la malemu mayi anga. Zimenezo sindikukumbuka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti atanditulutsa, tili m'kachipinda kamene tinkachita lendi pafupi ndi chipatala, mimba sinadzazenso. Sabata inatha, ina inatha, mimba ili yomweyo. M'mawa wina ndinamva njala, njala yeniyeni, ndinadya maidli atatu, timikate ta mpunga tophika ndi nthunzi, n'kupempha lachinayi. Amuna anga anathamangira kukagula osavala nsapato.

Patatha miyezi iwiri anandijambulanso m'mimba. Pokamva zotsatira amalola wodwala kulowa ndi munthu mmodzi, ndiye ndinalowa ndi Kathiravan chifukwa mapepala amawawerenga ndi iye. Dokotala Jasintha anatembenuza kompyuta kuti nanenso ndione. Mawu ake ndawasunga monga anawanenera: "Zotupa zachepa kupitirira theka, ndipo madzi mulibe. Ndasangalala kwambiri, amayi. Koma mundimvetse bwino, zachepa, sizinathe. Zikhoza kukhala chonchi miyezi, zikhoza kukhala zaka, zikhozanso kuyamba kukula. Sitikudziwa, n'chifukwa chake tikuti kafukufuku. Muzibwera miyezi iwiri iliyonse osaphonya." Ine ndinamugwira masaya onse awiri ngati mwana wanga. Ndinali nditakonzekera kumva kuti ndipite ndikatsanzike abale, ndiye mawu akuti zachepa anandikwanira.

Titatuluka tinawapeza amuna anga ataima pakhonde, ndevu zaimvi zili yangayanga, fulasiki ya madzi m'manja. "Ati bwanji?" Kathiravan anawayang'ana, anameza malovu, n'kunena kuti, "Achira, ababa. Amayi achira." Bambo aja anangotsetsereka ndi khoma n'kukhala pansi, pasimenti, anthu akuwalambalala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, koma nditawaona akupukuta maso ndi chopukutira cha paphewa ndinatsekanso.

M'sitima, iwo atapita kukagula khofi, ndinamutsina mwanayo. "Iwe Kathir, makutu ako unawasiya kusitolo? Dokotala anati chiyani?" Iye anati, "Amayi, munawaona nkhope? Zaka zitatu sanadyepo mpunga n'kuumva kukoma. Asiyeni apumeko kaye." Ndinati, "Ndiye banja lathuli silingakhale popanda womubisira? Poyamba ndinali ine, tsopano ndi bambo ako?" Iye anangotembenukira kuwindo.

Titafika kuno tinapeza mseu wathu atakumba, ndiye kagalimoto ka matayala atatu kanatitsitsa pakona. Kathiravan anati athamange akatenge mpando uja. Ndinakana. Ndinayenda ndekha nyumba zisanu ndi ziwiri, ndikupumira pamageti a anthu. Angammal anandizunguliza mbale ya madzi ofiira pakhomo kuchotsa diso loipa, ndipo ndinalowa ndi mwendo wamanja, wopanda wondigwira. Amuna anga anatsalira pageti. Kenako anapita pampopi kuseri kwa nyumba n'kusamba kumaso nthawi yaitali. M'mawa mwake anapita kwa wansembe kukapempha tsiku lokameta.

Tsikulo ndi limene latsala masabata atatu. Basi achita kale hayala, mbuzi yagulidwa, abale makumi anayi aitanidwa. Angammal walengeza msika wonse kuti ndachira, ndipo amamuseka mlongo wake kuti, "Ndi ndevu zakozo uzikhala kutali ndi mbuziyo, wopha asakusokonezeni." Amayi anzanga otunga maluwa amabwera kudzandiona ngati chozizwitsa, mmodzi mpaka anandipempha dzina la chipatala kuti apititseko mng'ono wake. Akamawayamikira amuna anga, iwo amangosisita ndevu n'kunena kuti, "Anabwera akuyenda yekha, kuchokera pakona paja." Tsopano mlamu wangayo wayamba zina. "Munthu wachira, ku Chennai azikatani? Akufuna azingomutapa magazi. Tikameta nkhani yatha." Tsiku langa lobwerera kuchipatala likubwera patangotha masiku asanu ndi anayi kuchokera pa ulendo wa kukachisi, ndipo ndikuopa kuti mutu ukametedwa aliyense adzati zatha, ine n'kusowa wondiperekeza.

Amuna anga samuyankha mchemwali wawo. Akupitiriza zimene anazolowera ku Chennai. Madzi anga akumwa amawiritsa okha. Maluwa, poti dokotala analetsa chifukwa chitetezo changa n'chochepa, salola kuti adutse pageti, moti ine wotunga maluwa ndimawanunkhiza patali. M'mawa uliwonse amabwera ndi kachipangizo koyezera kutentha thupi n'kunena kuti, "Tikiti, mayi!" ine n'kuyasamula. Pakalendala ya kukhitchini anazunguliza masiku ena ndi cholembera chofiira mpaka kutha kwa chaka. Sindinawafunse, kondakitala sasiya kulembalemba.

Nali funso langa, Aphungu. Kodi ndiwauze zoona asanamete, kapena ndikhale chete? Ndikakhala chete, akapereka tsitsi lawo kwa mulungu pa chinthu chimene sichinachitike, ndipo ndikuopa kuti kunamiza mulungu wa banja kungawagwere iwo kapena mwana wanga. Ndikawauza, ndiwabwezera pasimenti paja, ndimuchititsa manyazi Kathiravan, ndipo basi ndi mbuzi ndi abale makumi anayi ndiziika kuti? Chinanso chimene sindinauzepo munthu ndi ichi: ine ndikufuna kusangalala. Zachepa! Kwa ine mawu amenewa ndi aakulu, ndinkafuna kuwavinira. Koma aliyense akuvinira mawu ena amene si anga, ndipo ine ndangokhala pakati ndikumwetulira ngati mlendo paukwati wa eni. Ndithandizeni.

P.V., Nilakottai

*

Mayi P.V.,

Choyamba landirani chimwemwe changa. Makalata ambiri a matenda amene ndimalandira ndimawayankha mtima uli wolemera, koma yanuyi ndafika pa maidli atatu aja ndikuseka ndekha. Zachepa ndi mawu aakuludi, ndipo muli ndi ufulu wonse wowavinira. Banja lanu ndi la anthu okondana amene amanama mwaluso, ndipo inuyo musadzichotsemo, zaka zitatu zija munanama nawo.

Tiyambe ndi mantha a mulungu, chifukwa amenewa ndi osavuta. Tengani kalata yanu muwerengenso mawu a chowinda aja, munawalemba nokha. Amuna anu anati chiyani? Anati mukalowa pakhomo ndi miyendo yanu. Mawu akuti kuchira mulibemo. Munthu amene wadula matikiti zaka makumi atatu amadziwa kutchula potsikira, ndipo iwo anatchula pakhomo. Munayenda nyumba zisanu ndi ziwiri, munalowa wopanda wokugwirani, iwo ali pageti akuona. Ndipo taonani, atamva za kuchira pakhonde la chipatala sananene za wansembe. Anapita kwa wansembe m'mawa wa tsiku lotsatira kulowa kwanuko. Chimene anapempha analandira, ndipo akukapereka chimene analonjeza. Palibe mulungu amene akunamizidwa pamenepa, alekeni amete.

Chachiwiri ndikuchinena mosalumbira, chifukwa amuna anu sindinawaonepo. Koma ndiuzeni, munawamvapo iwo eni, ndi pakamwa pawo, akunena kuti mwachira? M'kalata yanu onena zimenezo ndi Kathiravan, mlamu wanu ndi msika. Iwo amangoti munabwera mukuyenda. Munthu wokhulupirira kuti mkazi wake wachira sawiritsa madzi, sathamangitsa maluwa pageti, sayendera tikiti m'mawa uliwonse. Pitani pakalendala paja muwerenge kutalikirana kwa masiku ofiirawo. Mukapeza kuti ndi miyezi iwiri iwiri, ndiye kuti wokuperekezani ku Chennai muli naye kale mpaka kutha kwa chaka. Inu munawerenga chikwangwani chimene sanakuwerengereni. Bwanji mukuganiza kuti iwo sangawerenge nkhope ya mwana wawo akumeza malovu? Ndikuganiza kuti akuchita zimene munachita inu zija, akuthandiza mwana kusunga bodza.

Ngakhale zili choncho, auzeni, ndipo muwauze sabata ino. Kudziwa aliyense payekha n'kumene kwakutopetsani zaka zitatu. Yambani ndi Kathiravan, muimbireni foni mumuuze kuti mukukonza mawu aja. Musamupemphe chilolezo ndipo musamuzenge mlandu, ananama chifukwa chowamvera chisoni bambo ake, ndipo njirayo anaiphunzira kwa akuluakulu omwe. Kenako sankhani m'mawa, muli awiri, Angammal asanafike. Akamaliza kuyendera tikiti, agwireni dzanja akhale pansi. Tchulani dzina la matendawo, kamodzi kokha, nyumba sigwa. Kenako nenani mawu a dokotala monga munandilembera ine, kuyambira pa chimwemwe chake mpaka pa sitikudziwa. Ngati alira, asiyeni alire, ulendo uno adzakhala pamphasa ya kwawo, inu muli pambali. Ngati anali asakudziwadi, ndi bwino amve kwa inu mukudya ndi kusesa pakhomo kusiyana n'kudzamva tsiku lina loipa kwa munthu wachilendo. Ndipo ulendo wotsatira wa ku Chennai wolowa nanu m'chipinda akhale iwo. Dokotala wanuyo waonetsa kale kuti amatha kulankhula chilankhulo cha kwathu, mwana akhaleko pabenchi.

Za ulendo wa kukachisi, wogamula si ine, si wansembe, si mlamu wanu. Papepala limene munasayina pali nambala ya anthu a kafukufuku. Imbani mawa, muwauze zonse osachotsera: basi ya anthu makumi anayi, masitepe a phiri, khamu, dziwe losambamo la pakachisi, nyama ya mbuzi yophikidwa panja. Munthu amene amuletsa kugwira maluwa sangangokwera basi yodzaza ndi azakhali otsokomola. Mwina adzati mupite pagalimoto yanuyanu mutavala masiki, mamawa anthu asanachuluke, mutanyamula chakudya ndi madzi a kunyumba, ndipo m'dziwemo musaviike ngakhale chala. Mwina adzati mudikire kaye. Chimene anene n'chimene muchite. Abale adzadya mbuzi yawo ngakhale inu mutakhala patali pamthunzi.

Angammal muwasiyire mlongo wawo, si ntchito ya wodwala kulimbana ndi mlamu. Amuna anu awauze kuti maulendo a ku Chennai ndi amene amaonetsa ngati zotupazo zili phee kapena zayamba kudzuka, ndiponso ngati asilikali aja sakuvutitsa thupi mwa njira ina. Muli ndi ufulu wotuluka mu kafukufukuyo tsiku lililonse, koma ufuluwo ndi wa amene anasayina, ndipo kwa mmene ndakumverani inu simukufuna kutuluka. Kumsika yankho likhale lalifupi: ndikupezako bwino, ndikadali m'manja mwa madokotala. Mayi uja wofunsa za mng'ono wake mumuuze zoona zonse, kuti izi n'zoyesera, kuti salandira aliyense, kuti ena sizinawathandize, ndipo njira yake ndi kudzera kwa dokotala wa wodwalayo. Mawu akuti mwachira akapitirira kuyenda, wina adzanyamula m'bale wake wofooka ulendo wautali chifukwa cha lonjezo limene palibe analipereka.

Ndimalize ndi chenjezo, ndipo ndikulinena chifukwa ndaudziwa mtundu wanu. Anthu inu mumabisirana pofuna kusungirana chimwemwe. Tsiku lina kachipangizo kaja kadzaonetsa kuti thupi latentha, kapena mimba idzayamba kulemera, kapena mutu kuzungulira, ndipo mtima udzakuuzani kuti musaononge chisangalalo cha anthu. Musayerekeze. Imbani kuchipatala ola lomwelo, ngakhale utakhala m'mawa wa ulendowo, basi ili pageti, wometa atanola kale lumo. Tsitsi likhoza kudikira sabata ina, lingokulirako. Amuna anu sanawinde chifukwa cha tsiku, kapena basi, kapena mbuzi. Anapempha inuyo, mukuyenda ndi miyendo yanu, ndiye musamale chimene anapempha.

Aphungu